Funsani za Umoyo: Ndachepetsa thupi, koma msambo wasowa

Mwezi uno talandira makalata angapo okamba nkhani imodzi, ya amayi ndi atsikana amene asiya kuona msambo atayamba kuchepetsa chakudya kapena kulimbikira masewera olimbitsa thupi. Tasankhapo atatu, tawafupikitsa pang'ono, ndipo maina a eni ake tawasunga monga mwa nthawi zonse.

FUNSO

Ndine mtsikana wa zaka 27, ndimakhala ku Chitawira ndipo ndimagwira ntchito ya muofesi ku Ginnery Corner. Ukwati wanga uli mu Disembala. M'mwezi wa Meyi, telala atandiyeza diresi, ndinaganiza zochepetsa thupi, popeza pa nthawiyo ndinkalemera makilogalamu 76. Ndinalowa m'gulu lina la pa WhatsApp la amayi ochepetsa thupi, ndipo potsatira malangizo a m'gulumo ndinasiya nsima, mpunga, buledi, shuga ndi mafuta ophikira. M'mawa ndimamwa madzi ofunda a mandimu ndi kudya nthochi imodzi, masana ndimadya mazira awiri owiritsa, kabichi ndi kambatata kamodzi, madzulo nkhuku kapena nsomba yowiritsa ndi masamba, ndipo ikakwana 6 koloko sindilawanso kanthu. Masiku asanu pa sabata ndimalawirira kukathamanga makilomita 8 cha ku Kamuzu Stadium, pomwe Loweruka ndimapita ku jimu.

Tsopano ndikulemera makilogalamu 62 ndipo diresi ija telala waibweza kawiri. Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti mu Julayi ndinangoona timadontho, ndipo mu Ogasiti, Sepitembala ndi Okutobala sindinasambe n'komwe, chikhalirecho kale sindinkadumphitsa. Ndayezetsa mimba katatu, palibe. Sindinagwiritsepo ntchito njira yolerera ya jakisoni kapena mapilitsi. Ndikumva kuzizira kumapazi ngakhale kunja kukutentha chonchi, ndipo tsitsi likutsalira pachipeso. Mnzanga akuti ndigule mapilitsi olerera kuti msambo ubwerere, pomwe azakhali akuti pali wina wandimanga chifukwa cha nsanje ya ukwati. Kodi magaziwa akuunjikana m'mimba? Kodi ndidzabereka?

Mkwatibwi wodandaula, Chitawira

YANKHO

Achemwali,

Mwachita bwino kuyamba ndi kuyezetsa mimba, chifukwa kwa mayi aliyense wa msinkhu wobereka amene wadumphitsa msambo, funso loyamba limakhala limenelo, ngakhale mwini wake atalumbira motani. Popeza mwayeza katatu ndipo yankho silinasinthe, titha kuyang'ana kwina. Zonse zimene mwalemba zikuloza kumodzi: thupi lanu likulandira chakudya chochepa kwambiri poyerekeza ndi ntchito imene mukulipatsa, ndipo layamba laimika kaye nkhani yobereka. Chitsimikizo chenicheni chidzachokera kuchipatala mukayezedwa magazi, koma n'kofunika kuti mupite kumeneko mukumvetsa chimene chikuchitika.

Ambirife timaganiza kuti msambo umayambira m'chiberekero, koma kwenikweni umayambira m'mutu. Pansi pa ubongo pali kachigawo kakang'ono kotchedwa hypothalamus, kamene kamatulutsa homoni yotchedwa GnRH modukizadukiza, pafupifupi kamodzi pa ola kapena pa ola ndi theka, ngati mlendo amene akuodira pakhomo n'kumadikira kuti amuyankhe. Kuodira kumeneku kumadzutsa kachiwalo koyandikana nako kotchedwa pituitary, kamene kamatumiza mahomoni awiri, LH ndi FSH, kudzera m'magazi kupita ku mabasiketi a mazira. Mabasiketiwo akalandira uthenga amakhwimitsa dzira ndi kutulutsa homoni ya estrogen, yomwe imachititsa kuti khoma la m'kati mwa chiberekero likhuthale poyembekezera mimba. Dzira likatuluka koma osakumana ndi mbewu ya mwamuna, pakatha pafupifupi masabata awiri khoma lija limayoyoka n'kutuluka pamodzi ndi magazi, ndipo umenewo ndiwo msambo.

Hypothalamus yemweyo ndiye amasunganso kiyi wa nkhokwe ya thupi. Amamva za kuchuluka kwa shuga ndi insulin (homoni yoyendetsa shugayo) m'magazi, amamva homoni ya leptin imene imachokera ku mafuta a m'thupi, komanso amamva homoni ya cortisol imene imakwera munthu akakhala pa nkhawa kapena akatopa kwambiri. Mayi wanzeru akaona mu Januwale kuti chimanga chatsala cha pansi pa nkhokwe, sasiya kuphikira ana nsima, koma amasiya kufulula thobwa, ndipo chinkhoswe amachikankhira kokolola. Thupi limachitanso chimodzimodzi. Mtima, mapapo ndi ubongo sizingadikire, koma mimba, imene imafuna chakudya chochuluka kwa miyezi isanu ndi inayi kuphatikizapo nthawi yoyamwitsa, ikhoza kudikira. Motero kuodira kuja kumayamba kuchitika patalipatali, LH imachepa, dzira silikhwima, estrogen imatsika, ndipo khoma la chiberekero silikhuthala. Apa funso lanu loyamba layankhika: palibe magazi amene akuunjikana m'mimba mwanu, chifukwa chimene chikanatuluka sichinapangidwe n'komwe. Kuzizira kwa kumapazi ndi kuthothoka kwa tsitsi n'zochokera ku kuumira komweko, popeza thupi limachepetsanso mphamvu ya mahomoni a chithokomiro kuti lisawononge chakudya chochepacho pa kudzitenthetsa ndi kumeretsa tsitsi.

Mwina mukudabwa kuti zatheka bwanji pomwe simunaonde mpaka kuoneka nthiti. Kale akatswiri ankakhulupirira kuti nkhani yonse yagona pa kuchuluka kwa mafuta a m'thupi, ndipo m'chaka cha 1974 mayi wina wa pa yunivesite ya Harvard, Rose Frisch, anafalitsa ganizo lakuti mayi amafunika mafuta okwana pafupifupi magawo 22 pa 100 a thupi lake kuti azisamba mwezi ndi mwezi. Ganizolo linathandiza kutsegula maso, koma kafukufuku wa pambuyo pake anasonyeza kuti chimene ubongo umawerengera kwambiri ndi chakudya chotsala tsiku ndi tsiku munthu akachotsa chimene wawononga pa masewera. Anne Loucks wa ku Ohio University ku America anaonetsa m'chaka cha 1998 kuti amayi amene ankachita masewera olemetsa koma n'kubwezera chakudya chonse chimene awononga, mahomoni awo sankasokonezeka kwenikweni. M'chaka cha 2003 iye ndi mnzake anapeza kuti chakudya chotsalacho chikatsika pansi pa makalori 30 (kalori ndi muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) pa kilogalamu iliyonse ya thupi tikachotsapo mafuta, LH imayamba kusokonezeka m'masiku asanu okha.

Tiyeni tiwerengere limodzi za inuyo. Mayi wa makilogalamu 62 tikamuchotsera mafuta, mnofu wake, mafupa, magazi ndi ziwalo zimakhala mwina makilogalamu 45. Ndiye kuti malire aja kwa inu ali pa makalori 1,350 pa tsiku, ndipo kuti zonse ziziyenda bwinobwino pamafunika otsala pafupifupi 2,000. Chakudya chimene mwafotokozacho n'chovuta kuti chipitirire makalori 1,100. Munthu akamathamanga amawononga pafupifupi kalori imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa kilomita iliyonse, choncho makilomita anu 8 aja amadya makalori 500. Otsala ndi 600, osafika ngakhale theka la malire aja. Kwa hypothalamus, amene sadziwa za diresi kapena za zithunzi za paukwati, kuno kwagwa njala. Izi zinaonekapo pa anthu ochuluka nthawi imodzi ku Netherlands m'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, pamene nkhondo inatsekereza chakudya ku mizinda ya kumadzulo kwa dzikolo monga Rotterdam ndi The Hague. Amayi ambirimbiri anasiya kusamba, ana obadwa miyezi isanu ndi inayi pambuyo pake anachepa kwambiri, ndipo chakudya chitabwerera, kubereka kunabwereranso.

Mfundo yotsirizayo ndiyo ikuyankha funso lanu lachiwiri. Mazira anu alipo, chiberekero chanu sichinawonongeke, ndipo amayi ochuluka a vuto ili amayambanso kusamba ndi kubereka akabwezeretsa chakudya. Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi pamenepa, popeza muli ndi bwenzi: dzira limatuluka msambo usanaoneke, kotero mayi akhoza kutenga mimba asanaone n'komwe kuti zinthu zabwerera m'chimake. Kusasamba kwa mtundu uwu si njira yolerera.

Malangizo a mnzanu aja musawatsate mwa inu nokha. Mapilitsi olerera amabweretsadi magazi mwezi uliwonse, koma magaziwo amabwera chifukwa cha mahomoni a m'pilitsi, pomwe ubongo wanu ukadali chete ndipo njala ija ikadalipo. Kuipa kwake n'kwakuti munthu amaganiza kuti wachira, n'kupitiriza dayeti ija, mafupa akunka nachepa mphamvu chifukwa cha kusowa kwa estrogen ya thupi ndi chakudya. N'chifukwa chake bungwe la akatswiri a mahomoni la Endocrine Society, m'malangizo ake a 2017, linanena kuti mapilitsiwa asamaperekedwe pongofuna kubweza msambo kapena kuteteza mafupa kwa amayi a vuto ili. Ngati mukuwafuna pa cholinga cholera, imeneyo ndi nkhani ina yoti mukakambirane ndi anamwino. Kunena za azakhali, musawanyoze, chifukwa nkhawa yawo ndi ya chikondi. Auzeni mwaulemu kuti mukuyamba mwapita kuchipatala, ndipo musamwe zitsamba zimene amati n'zotsegula njira, popeza palibe chotsekeka, komanso zina mwa izo zimapweteka chiwindi ndi impso.

Mankhwala enieni ali kukhitchini kwanu, ngakhale ndikudziwa kuti kwa mkwatibwi amene watsala ndi masabata ochepa, mawu amenewa ndi owawa. Madokotala a zamasewera amalangiza kuwonjezera makalori 300 mpaka 600 pa tsiku ndi kuchepetsako masewera, ndipo kwa inu amene muli patali chotere padzafunika kupitirira pamenepo pang'onopang'ono. Bwezerani nsima, ngakhale mtanda umodzi masana ndi wina madzulo, chifukwa ubongo umadalira kwambiri shuga wochokera ku zakudya zokhutitsa. Bwezerani mafuta mu ndiwo, podziwa kuti sipuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120. Mtedza wokazinga wodzaza dzanja, wokwana magalamu 50, uli ndi makalori pafupifupi 280, ndipo mungauike m'chikwama n'kumatafuna muofesi. Nkhwani wotendera, futali, peyala, phala la soya lothira nsinjiro, chambiko, nyemba ndi nandolo, zonsezi n'zakudya zabwino zimene gulu lanu lija lakuphunzitsani kuziopa popanda chifukwa. Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri pa ndondomeko yanu ndi kuthamanga m'mawa m'mimba muli madzi a mandimu okha, mutagona osadya kuyambira 6 koloko ya dzulo lake. Pamenepo thupi limakhala maola oposa khumi ndi awiri lili pa ngongole. Idyani kanthu musanatuluke, idyaninso mukangobwera, ndipo masiku othamanga muwachepetse kufika pa awiri kapena atatu, ena onsewo muziyenda chabe. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika, ndipo pa nkhani yanuyi mwambiwu mungaumve monga momwe ulili.

Msambo subwerera sabata yomwe mwayamba kudya. Ena amauona pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, ena amadikira theka la chaka kapena kupitirira, ndipo kawirikawiri thupi limafuna kubwerera pa sikelo imene msambo unasiyira, nthawi zina kupitirirako pang'ono. Kumbukirani kuti munkalemera bwanji mu Juni, pamene munasamba bwino komaliza, chifukwa nambala imeneyo idzathandiza adokotala. Nkhawa ya zokonzekera ukwati nayo ikuthira mafuta pamoto, choncho gawirankoni ena ntchito za komiti ndipo muzigona mokwanira.

Miyezi itatu yakwana, ndipo amenewo ndiwo malire amene madokotala amaika kwa mayi amene ankasamba mosadumphitsa, pomwe kwa amene ankasamba mwa apo ndi apo amaika miyezi isanu ndi umodzi. Yambirani pa chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwanu, monga cha Zingwangwa, kumene akaona kuti n'kofunika adzakulemberani kalata yopita ku Queen Elizabeth, kapena pitani kwa dokotala wa amayi ngati thumba likulola. Adzayezanso mimba, ndipo angafune kuyeza mahomoni a chithokomiro, prolactin (homoni yopangitsa mkaka wa m'mawere), FSH ndi LH, mwinanso kukujambulani m'mimba. Amachita izi chifukwa pali matenda ena amene amaimitsa msambo mofananamo, ndipo dayeti imaimbidwa mlandu pokhapokha enawo atachotsedwa. Mukawauze ngati mawere akutuluka mkaka, ngati mutu ukupweteka limodzi ndi kusaona bwino, ngati mukumva kutentha kwadzidzidzi kumaso ndi thukuta la usiku, ndiponso ngati pali mankhwala kapena tiyi wochepetsa thupi amene mukumwa. Mukawauzenso ndendende zimene mumadya, monga mwatiuzira ife, popanda kuwonjezera kuti zioneke bwino.

FUNSO

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 16 ndipo ali Fomu 3 pa sukulu ina yogonera komweko. Amasewera mpira wa ntchemberembaye komanso ndi katswiri pa mpikisano wothamanga mtunda wautali. Anatha msinkhu ali ndi zaka 13. Pa holide yapitayi ndinaona kuti mapadi amene ndinamugulira teremu yatha anabwera nawo osatsegula, ndipo nditamufunsa anandiuza kuti patha miyezi isanu ndi iwiri asanasambe. Bambo ake anapsa mtima poganiza kuti ali ndi pathupi, koma titapita naye kuchipatala anapeza kuti palibe. Iye akuti aphunzitsi a masewera anawauza kuti zimenezi n'zabwinobwino kwa atsikana othamanga, ndipo n'chizindikiro chakuti thupi lalimba. Akudandaulanso kupweteka kwa msongolo wa kumanja akamathamanga, ndipo pakhomo ndikuona kuti nsima akungoitsina n'kunena kuti wakhuta. Kodi ndimuletse masewerawa?

Mayi wa ku Bangwe

YANKHO

Mayi,

Mawu akuti kusasamba n'chizindikiro cha kulimba kwa thupi amamveka m'mabwalo a masewera m'maiko ambiri, ndipo ndi olakwika. N'zoona kuti vutoli limapezeka kawirikawiri mwa atsikana othamanga mitunda yaitali, koma kuchuluka kwa chinthu sikuchisandutsa chabwino. M'chaka cha 1992 bungwe la American College of Sports Medicine linalipatsa dzina lakuti Female Athlete Triad, kutanthauza mavuto atatu oyenda limodzi mwa atsikana a masewera, omwe ndi kuperewera kwa chakudya, kusowa kwa msambo ndi kufooka kwa mafupa. M'chaka cha 2014 komiti yoyendetsa masewera a Olimpiki padziko lonse inakulitsa nkhaniyi n'kuitcha RED-S, itaona kuti kuperewera kwa chakudyaku kumakhudzanso mtima, chitetezo cha m'thupi, maganizo ndi liwiro lenilenilo, ndiponso kuti anyamata nawo amakhudzidwa. Mmene ubongo umaimitsira msambo ndi monga tafotokozera m'yankho lapamwambali, koma kwa mwana wa msinkhu uwu pali china chimene chikufunika changu.

Chinthucho ndi mafupa. Munthu amamanga gawo lalikulu la mphamvu ya mafupa ake asanakwanitse zaka 20, n'kumalizitsa chotsalacho asanafike zaka 30, ndipo kuyambira pamenepo amangodya zimene anasunga. Estrogen ndiyo imathandiza kuti kashiamu akhazikike m'mafupa a mtsikana. Mwana wanu ali m'zaka zomanga, koma kwa miyezi isanu ndi iwiri ntchitoyo yakhala ikuyenda mopunduka. M'chaka cha 1984 Barbara Drinkwater wa ku Seattle anayeza mafupa a msana a atsikana amasewera amene anasiya kusamba, omwe zaka zawo zinali cha m'ma 25, ndipo anapeza kuti mafupawo anali ofanana ndi a amayi a zaka za m'ma 50. Kafukufuku wotsatira anasonyeza kuti ngakhale msambo ukabwerera, si nthawi zonse pamene zotayikazo zimabwerera zonse. N'chifukwa chake msongolo uja musauone ngati kutopa wamba. Fupa lofooka likamamenyedwa pansi tsiku ndi tsiku limachita mng'alu wochepa umene poyamba suoneka ngakhale pa ekisire. Ngati pali malo amodzi amene mukadina ndi chala akudumpha ndi ululu, kapena ngati akumva kupweteka podumphira mwendo umodziwo, asiye kuthamanga mpaka adokotala atamuona.

Pali njira ziwiri zimene mtsikana wotere amafikira pamenepa, ndipo muyenera kudziwa imene mwana wanu wadzera. Yoyamba ndi ya kusadziwa chabe. Chakudya cha pa sukulu yogonera chimayezedwa mofanana kwa aliyense, wothamanga ndi wongokhala m'kalasi, ndipo mwana amene akukula, n'kumathamanga m'mawa ndi kusewera mpira madzulo, akhoza kuperewedwa ngakhale akumaliza mbale yake. Wotereyu mukamupatsa chakudya amadya mokondwa, ndipo mankhwala ake ndi kumutumizira mtedza, chiponde, mkaka wa ufa, ufa wa phala la soya, ndi usipa kapena matemba okazinga, omwe ndi abwino kwambiri pa mafupa chifukwa timadya ndi minga yomwe. Yachiwiri ndi ya kuopa chakudya, pamene mwana wakhulupirira kuti akapepuka adzathamanga kwambiri kapena adzaoneka bwino. Kutsina nsima n'kunena kuti wakhuta kwandichititsa kuganizira njira yachiwiriyi. Onetsetsani ngati amapewa kudya pagulu, ngati amathamangira kuchimbudzi akangodya, ngati amadziyeza sikelo pafupipafupi, kapena ngati amadzitcha wonenepa pomwe maso anu akuona zina. Matenda a anorexia (kudzimana chakudya poopa kunenepa) ndi bulimia (kudya kwambiri kenako n'kudzisanzitsa) ambiri timawayesa a azungu, koma amapezeka kulikonse, ndipo amafunika thandizo la madokotala a maganizo pamodzi ndi alangizi a zakudya. Akakomoka, kapena mtima ukamagunda pang'onopang'ono kwambiri, musadikire, thamangirani naye kuchipatala.

Kumuletseratu masewera sindikukulangizani, pokhapokha adokotala atatero chifukwa cha mwendo kapena mtima. Mwana amene walandidwa chinthu chimene amachikonda amaphunzira kubisa, ndipo teremu yamawa mapadi adzawataya panjira kuti musadziwe. Gwirizanani naye kuti achepetse masiku othamanga, adye asanapite ku bwalo ndi pobwera, ndipo muzimufunsa za msambo modekha monga mumamufunsira za mayeso. Kaonaneni ndi amatroni ndi aphunzitsi aja mwamtendere, muli ndi kalata ya kuchipatala m'manja, chifukwa n'kutheka kuti m'timumo muli atsikana ena a vuto lomweli. Bambo ake nawo afunika kumupepesa mwanayo pa zimene anamuganizira. Kwa makolo ena amene akuwerenga, mtsikana amene wafika zaka 15 asanathe msinkhu nayenso afunika kuonedwa ndi adokotala, makamaka ngati ndi wa masewera.

FUNSO

Akazi anga ali ndi zaka 34, tili ndi ana atatu, ndipo akhala akubayitsa jakisoni wolerera wa miyezi itatu kwa zaka ziwiri. Chaka chatha anawapeza ndi BP ndipo kuchipatala anawalangiza kuti achepetse thupi, popeza ankalemera makilogalamu 91. Anachepetsa nsima kuchoka pa mitanda itatu kufika pa iwiri, anasiya zakumwa zotsekemera, ndipo madzulo timayenda limodzi kwa theka la ola. Atsika ndi makilogalamu 6, koma patha chaka asakusamba. Ndamva kuti dayeti imaimitsa msambo. Kodi asiye?

Bambo wa ku Machinjiri

YANKHO

Bambo,

Asasiye, ndipo inunso musasiye kuwaperekeza. Kutsika ndi makilogalamu 6 pa chaka, munthu akudya mitanda iwiri ya nsima ndi ndiwo zake n'kumayenda theka la ola, sikufanana ndi njala imene takamba pamwambapa. Chimene chaimitsa msambo wa mayi a kunyumba mosakayika kwenikweni ndi jakisoni. Mankhwala a jakisoniyu, otchedwa Depo-Provera, amaletsa dzira kukhwima ndipo amapyapyalitsa khoma la chiberekero, moti pafupifupi theka la amayi amene abayitsa kwa chaka chimodzi saonanso magazi, ndipo chiwerengerocho chimakwera m'chaka chachiwiri. Apanso palibe magazi ounjikana, ndipo akadzasiya jakisoni msambo udzabwerera, ngakhale umachedwerako miyezi ingapo kusiyana ndi njira zina. Ngati anachedwapo kukabayitsa kupitirira tsiku limene anawalembera m'buku, ayezetse mimba kuti mtima ukhale pansi.

Kwa amayi onenepa nkhaniyi imayenda mobwerera. Kunenepa kwambiri nako kumasokoneza msambo, makamaka kwa amene ali ndi vuto lotchedwa PCOS, limene limadziwika ndi kusamba patalipatali, ziphuphu, ndi tsitsi lomera pachibwano kapena pachifuwa, ndipo kwa iwowo kutsika ndi magawo 5 mpaka 10 pa 100 a kulemera kwawo kumathandiza kuti msambo uyambenso kuyenda bwino. Kuonda kumene kumafunika kukudetsani nkhawa ndi kuja kobwera munthu asakukufuna, kotsagana ndi chifuwa chosatha, thukuta la usiku, ludzu losatha kapena kukodza pafupipafupi, chifukwa pamenepo pamafunika kuyezetsa TB, HIV ndi matenda a shuga, omwe nawonso amatha kuimitsa msambo.

Chimene ndikukupemphani n'chokhudza BP. Akamapita kukabayitsa ulendo wotsatira, atenge buku lawo la kuchipatala ndipo awauze anamwino a zakulera kuti akumwa mankhwala a BP, kuti aziwayeza asanawabaye. Malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amanena kuti mayi amene BP yake yafika pa 160 ya pamwamba kapena 100 ya pansi, jakisoni ameneyu sakhalanso njira yoyenera, ndipo anamwino angawathandize kusankha ina monga lupu kapena kachipangizo koika pamkono.